Ndodo Yosowa Mwini m'Chikwama cha a Kalipentala

ZOLEMBEDWA ZA MSONKHANO WAPADERA WA KOMITI YA KALABU YA GOFU

Tsiku: Loweruka, pa 21 Seputembala
Malo: Chipinda cha komiti, kuseri kwa chipinda chosinthira zovala
Nthawi yoyambira: 9:10 m'mawa

Opezekapo: Wapampando, Kaputeni wa Masewera, Msungichuma, Mayi Namwino (oimira mamembala aakazi), Mlembi
Opepesa: Wachiwiri kwa Wapampando (bondo likadali lotupa)
Osabwera, osapepesa: a Loya
Oitanidwa pa mfundo 8: a Kalipentala, membala wa kalabu

Mawu a Mlembi: Zolembedwazi zatalika kuposa masiku onse. Kwa zaka khumi ndi chimodzi Mlembi wakhala akusalaza mawu a anthu. Wokalipa amalembedwa kuti "anafotokoza maganizo ake", ndipo wosinza amalembedwa kuti "anamvetsera". Ulendo uno komiti inalamula kuti pasasalazidwe kanthu, makamaka pamene pakukhudza Mlembi mwiniwake. Walemba ndi manyazi, koma walemba zonse.

1. Kutsegula msonkhano

Wapampando anapepesa chifukwa cha kuchedwa kwa mphindi khumi. Anati kiyi wa chipinda anali m'thumba la a Kaputeni, ndipo a Kaputeni anali pa dzenje loyamba kukalipira udzu. Anakumbutsa mamembala kuti msonkhanowu waitanidwa chifukwa cha nkhani imodzi, yoti a Kalipentala aimitsidwe mu kalabu kapena ayi, ndipo anapempha kuti pasakhale kuzungulira.

2. Zolembedwa za msonkhano wapita

Zinawerengedwa. A Kaputeni anati pa nkhani ya makina otchetchera udzu iwo sanadandaule monga momwe zalembedwera, koma anachenjeza. Zinakonzedwa. A Msungichuma anavomereza, Mayi Namwino anachirikiza.

3. Zotsalira za msonkhano wapita

Makina otchetchera udzu akadali akufa. Paipi yothirira pa dzenje lachinayi ikudonthabe, ndipo achule akhazikika. Nkhani ziwirizi zinakankhidwira ku msonkhano wamtsogolo, kachitatu tsopano.

4. Nkhani ya ndodo yopezeka m'chikwama cha a Kalipentala

4.1 A Kaputeni anakumbutsa komiti kuti malamulo a gofu salola wosewera kunyamula ndodo zopitirira khumi ndi zinayi. Wopezeka nazo zochuluka amamuwonjezera pa chiwerengero cha kumenya kwake, ziwiri pa dzenje lililonse, osapitirira zinayi. Popeza pa gofu wopambana ndi amene wamenya mpira kochepa, zinayizo n'zokwanira kugwetsa munthu. Anakumbutsanso kuti kalabu ino ili ndi kachitidwe kakekake, kamene iwo eni anakayambitsa zaka zisanu zapitazo. Chikho cha pachaka chisanaperekedwe, zikwama za anthu atatu otsogola zimaikidwa patebulo la mu holo, ndipo a Kaputeni amawerenga ndodo mokweza pamaso pa onse. Mamembala amadziwa kale zonsezi, koma a Kaputeni anazifotokozabe kwa mphindi zisanu ndi ziwiri.

4.2 Anapitiriza kuti pa mpikisano wa chikho, Loweruka pa 31 Ogasiti, a Kalipentala anatsogola ndi 78, Mlembi anatsatira ndi 79, ndipo a Dokotala wa Mano anali achitatu ndi 81. Kuwerenga kunayambira pa chikwama cha a Dokotala, ndipo ndodo zinakwana khumi ndi zinayi. Cha Mlembi chimodzimodzi. Pa chikwama cha a Kalipentala holo yonse inawerenga nawo limodzi, monga mwa chizolowezi, ndipo itafika pa "fotini" anthu anayamba kuwomba m'manja. M'chikwama munali mutatsala ndodo imodzi.

4.3 Malinga ndi a Kaputeni, a Kalipentala anati: "Si yanga iyo. Ndinaitola mu udzu wautali pambali pa dzenje lachisanu ndi chiwiri, ndimati ndibweze kwa mwini wake." A Kaputeni anaikweza m'mwamba ndodoyo n'kufunsa katatu kuti mwini wake ndani. Palibe anayankha. Mboni panalibe, chifukwa a Loya, amene anasewera nawo gulu limodzi, anati nthawi imeneyo anali pa foni, ndipo mnzawo wachitatu anali m'mitengo kusaka mpira wake. A Kalipentala anawonjezeredwa zinayi n'kugwera pa nambala yachitatu. Chikho chinapita kwa Mlembi.

4.4 Ndodoyo inaikidwa patebulo la komiti ngati umboni. Ndi yaifupi, ya mutu wopendekeka, yotulutsira mpira mumchenga, yakale koma chogwirira chake n'chatsopano. A Kaputeni anati chidziwitso chofuna mwini wake chakhala pabolodi masabata atatu, ndipo palibe wabwera. Anathokoza Mlembi chifukwa cholemba chidziwitsocho momveka bwino. Mlembi anagwedeza mutu.

4.5 A Kaputeni anati ndodo yowonjezera yokha si nkhani, poti aliyense amaiwala. Chimene chinawapsetsa mtima ndi bodza, lonenedwa pagulu, pamaso pa komiti. Anapempha kuti a Kalipentala aimitsidwe kwa chaka chathunthu. A Msungichuma anachirikiza a Kaputeni asanamalize n'kukhala pansi komwe.

4.6 Mayi Namwino anatsutsa. Anatulutsa buku la malamulo m'chikwama chawo cha m'manja n'kuwerenga ndime yonena kuti ndodo ya munthu wina imene wosewera waitola pabwalo siwerengedwa pa zake, bola asaigwiritse ntchito. Anati ndime imeneyi ikanawerengedwa tsiku lomwelo, munthu asanayalutsidwe. Kenako anati:

"Munthu ameneyu wasewera pano zaka zisanu ndi zinayi. Mpira ukamusunthira m'tchire, mopanda womuona, amabwera yekha kudzanena. Lero abe ndi ndodo ya mumchenga, iye amene tsiku lija sanalowe mumchenga n'kamodzi komwe?"

A Kaputeni anati: "Mayi, tisaweruze ndi chifundo. Kuno si kuchipatala."

Mayi Namwino anati: "Kuchipatala timayamba tapima, a Kaputeni, kenako n'kudula."

Wapampando anapempha kuti mamembala azilankhula kudzera kumpando.

4.7 Mayi Namwino anawonjezera kuti akazi a Kalipentala, amene anali asanapondepo pa kalabu pano, anabwera tsiku limenelo atavala zopitira kutchalitchi. Anali ataimirira kale kuwomba m'manja, ndipo anakhala pansi pang'onopang'ono holo yonse ikuwayang'ana. A Kaputeni anati zimenezi n'zomvetsa chisoni koma sizili pa ndandanda.

4.8 A Msungichuma anati anthu ena gofu anaidziwira kuukulu, atazolowera kale za ku msika, ndipo malamulo ake sanawalowe m'magazi. Wapampando anauza Mlembi kuti mawu amenewa asalembedwe. Alembedwa pano potsatira mfundo 7(d).

4.9 Wapampando anati iwo alibe chidani ndi munthu, koma chikuwavuta n'chakuti munthu woiwala ndodo yake sangathe masabata atatu osaifuna. Mayi Namwino anati ndiye funso lenileni ndi limenelo, loti mwini wakeyo wakhaliranji chete. Mlembi anadzuka n'kuyamba kuthira tiyi m'makapu amene anali asanathe.

4.10 Wapampando anafunsa Mlembi ngati ali ndi mawu, poti ndiye anawaphunzitsa a Kalipentala kugwira ndodo, ndiponso ndiye anawasainira fomu yolowera mu kalabu. Mlembi anayankha kuti iye ntchito yake ndi kulemba.

5. Kuvota

5.1 Ovomereza kuti a Kalipentala aimitsidwe: a Kaputeni ndi a Msungichuma. Otsutsa: Mayi Namwino ndi Mlembi.

5.2 Pano pafunika kunena zoona. Mlembi anali atawerengera kale kunyumba kuti akavota motsutsa mavoti afanana, ndipo Wapampando, amene sakonda kudula mlandu, aikankhira nkhaniyi kutsogolo ngati ya paipi, mpaka izizire yokha. Anaganiza kuti akatero a Kalipentala apulumuka, iyenso apulumuka, ndipo tulo tibwerera. Pokweza dzanja anamva ngati wachita chinthu chabwino, moti Mayi Namwino atamumwetulira, anamwetuliranso.

5.3 Wapampando anavula magalasi, anawapukuta nthawi yaitali, kenako anati kalabu yopanda chilungamo ndi dambo chabe lokhala ndi mbendera. Anavota kuti a Kalipentala aimitsidwe. Mfundo inadutsa ndi mavoti atatu kwa awiri.

5.4 Wapampando anati popeza mwini nkhani akudikira panja, kalata ilembedwe pompo kuti aipatsidwe m'manja. Anauza Mlembi kuti atenge pepala la kalabu, iwo azinena mawu. Anayamba motere: "Komiti yapeza kuti munanama pamaso pa mamembala." Mlembi analemba "Komiti yapeza kuti", ndipo dzanja linaima. Wapampando anabwereza. A Msungichuma anamupatsa cholembera chawo poganiza kuti chake chatha inki.

6. Mawu a Mlembi

6.1 Mlembi anaika zolembera ziwirizo patebulo n'kunena kuti: "Ndodoyo ndi yanga."

A Kaputeni anaseka. Anati Mlembi ali ndi mtima wabwino, koma asadzipereke nsembe chifukwa cha mnzake, poti chikwama chake anawerenga okha ndipo munali fotini.

Mlembi anati: "Munali fotini chifukwa iyi inali itatulukamo."

Kuseka kunatha.

6.2 Mlembi anafotokoza zotsatirazi, ndipo azilemba monga momwe anazinenera, poti kuzibisa kuseri kwa mawu oti "Mlembi anati" kwamukanika.

"Mkamwini wanga anandigulira ndodo ya mumchenga yatsopano. M'mawa wa tsiku lija ndinaiyeserera, n'kuiponya m'chikwama osatulutsa yakaleyi. Ndinazindikira tili pa dzenje lachisanu ndi chiwiri. Lamulo ndimalidziwa, ndine amene ndimalilemba pa zidziwitso chaka ndi chaka. Ndikanawauza anzanga pompo, n'kulandira zinayi zanga. Koma ndinali ndikusewera momwe sindinasewerepo chibadwire. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi ndili pano, chikho ndimangochigwira popereka kwa ena. Ndiye ndinawerama ngati ndikumanga nsapato, n'kuilowetsa mu udzu. Ndimati ndidzaitenga anthu akabalalika. Sindinaganize za gulu limene linali kumbuyo kwathu.

"A Kaputeni ataikweza m'mwamba mu holo muja, ndinaidziwa ngati mwana wanga. Ndinaona kuti ndikangoti ndi yanga, aliyense awerenga yekha, fotini kuphatikiza imodzi. Anafunsa kachiwiri, ndinati ndilankhula akafunsa kachitatu. Anafunsa kachitatu, kenako anaitana dzina langa kuti ndikalandire chikho, ndipo miyendo inanditengera kutsogolo. Ndinati ndikonza mawa. Mawa lake ndinalemba chidziwitso chofuna mwini ndodo, n'kuchikhoma ndekha ndi mapini anayi.

"Chikho chili pamwamba pa wadiropu, m'katoni. Amayi akunyumba akundifunsa tsiku ndi tsiku chifukwa chake sindikuchiika pabalaza. Ndawauza kuti chikufunika kupukuta."

6.3 A Msungichuma anapeza zowerenga pa chitini cha shuga. A Kaputeni anakankhira ndodoyo kutali ndi iwo. Wapampando anagwira m'mutu.

Mayi Namwino anati: "Ine ndimati mwakhala chete masiku onsewa chifukwa cha chisoni." Mlembi akanakonda akanamutukwana.

7. Zimene komiti inagwirizana

(a) Voti ya pa mfundo 5 yafafanizidwa. Pepala la kalata lija Wapampando analing'amba okha.

(b) Zinayi zimene a Kalipentala anawonjezeredwa zachotsedwa. Chikho cha chaka chino ndi chawo, ndipo Mlembi achibweretse ku kalabu Lolemba m'mawa.

(c) Mlembi wachotsedwa pa zotsatira za mpikisano, ndipo watula pansi udindo wake akamaliza zolembedwazi. Pa za kuimitsidwa, a Kaputeni anati poganizira zaka zimene Mlembi watumikira, miyezi itatu ingakwanire, ndipo a Msungichuma anachirikiza. Mayi Namwino anafunsa kuti chaka chija chafupika bwanji chitangosintha mwini. A Kaputeni anagwetsa nkhope n'kubweza mawu awo. Onse anagwirizana chaka chathunthu. Mlembi sanavote.

(d) Zolembedwa za msonkhano uno zikhale ndi mawu onse amene ananenedwa, ngakhale aja anapemphedwa kuti asalembedwe, ndipo zikhomedwe pabolodi kwa mwezi umodzi. A Msungichuma anafunsa ngati n'kofunikadi kutero. Wapampando anati n'kofunika.

(e) Kuwerenga ndodo mu holo kwatha. Kuyambira tsopano aliyense aziwerenga zake pa dzenje loyamba, pamaso pa anzake a gulu limodzi. A Kaputeni sanatsutse, chinthu chimene sichinalembedwepo m'buku lino.

8. A Kalipentala aitanidwa

8.1 Ntchito yoitana oitanidwa ndi ya Mlembi. Mamembala anayang'anizana, ndipo Mayi Namwino anadzuka kukawaitana pabenchi la pakhonde, pamene anali atakhala maola awiri. A Kalipentala analowa chipewa chili m'manja, utuchi uli pamapewa, poti anachokera ku shopu. Anapatsidwa mpando koma anati aimirira, akhala mokwanira.

8.2 Wapampando anapepesa m'malo mwa komiti. Anayambira patali, pa mbiri ya kalabu, ndipo atasochera pakati anangoti komiti inalakwa, ndipo Mlembi ali ndi mawu. Mlembi anaimirira n'kubwereza zimene zili pa mfundo 6.2, mwachidule, maso ali patebulo.

8.3 A Kalipentala anati: "Ndimadziwa, achimwene. Chogwirira chakecho ndinakuikirani ndine chaka chatha, mu shopu mwanga, mutakhala pa benchi langa la ntchito mukundiuza za mtsikana wanu wa ku koleji. Nditaiona mu udzu ndinati achimwene aiwala, aisowa pa mchenga wa kutsogoloku. Ndinayesa kukukodolani, koma gulu lanu linali litapita patali. Ndiye mu holo muja, atawerenga chikwama chanu n'kukwana fotini, mutu unandiima. Changa chinali chili kale patebulo. Atafunsa kuti mwini wake ndani, ndinakuyang'anani. Inu munali kuyang'ana nsapato zanu."

8.4 Wapampando anafunsa chifukwa chake sanatchule dzina tsiku lomwelo, kapena masiku onsewa, poti zikanapulumutsa aliyense ku manyazi amenewa.

A Kalipentala anati: "Ndikanatchula dzina, a Wapampando, mukanakhulupirira ndani?"



8.5 Anapitiriza kuti: "Komanso ndimati ndiwapatse mpata. Sabata yoyamba ndinati akuopa, munthu amaopa. Yachiwiri ndinati akusaka mawu, poti ndi munthu wa mawu. Galimoto ikaima pa shopu ndimasiya macheka n'kusuzumira. M'mawa uno anandidutsa pakhonde paja, anandipatsa moni, anandifunsa ngati kunyumba kuli bwino. Ndinati kuli bwino."

Mlembi akutsimikiza kuti zinali choncho.

8.6 Wapampando anawadziwitsa kuti chikho ndi chawo, ndipo kalabu ikonza tsiku loti achilandire pamaso pa mamembala onse. A Kalipentala anati chikhocho achilandira, poti anachigwirira ntchito, koma za mu holo ayi, angochitumiza ku shopu. Kenako anatulutsa envelopu m'thumba la malaya n'kuiika patebulo. Anati ndi kalata yotsanzika mu kalabu, ndipo anailemba dzulo, asanadziwe momwe msonkhano uthere.

8.7 Wapampando anawapempha kuti aganizenso. A Kaputeni anaimirira n'kunena kuti iwo ndi amene anathamanga, ndipo akupepesa. A Msungichuma anati nawonso. A Kalipentala anathokoza onse mmodzimmodzi. Anati iwo gofu anaikondera chinthu chimodzi, chakuti pabwalo palibe woyimbira, munthu amakhulupiriridwa pa mawu ake. Anati tsopano aona kulemera kwa mawu awo pano, ndipo alibe nazo mkwiyo, koma sangathenso kumenya mpira bwinobwino akudziwa zimenezo.

8.8 Anafunsa ngati komiti yathana nawo umboni. Wapampando anati yathana nawo. A Kalipentala anatenga ndodoyo, anachotsa dothi louma pamutu pake ndi chala chachikulu, anazungulira tebulo mpaka pamene panali Mlembi, n'kumupatsa ndi manja awiri.

Anati: "Ndinaitola kuti ndikubwezereni. Nayi."

Mlembi anailandira ndi manja awiri. Anati zikomo, chifukwa mawu ena sanabwere. A Kalipentala anavala chipewa chawo n'kutuluka, ndipo anatseka chitseko pang'onopang'ono.

9. Zina ndi zina

Wapampando anafunsa ngati pali zina. Panalibe. Tiyi yense anazizira m'makapu.

10. Msonkhano wotsatira

Udzachitika Loweruka pa 5 Okutobala, nthawi ya 9:00 m'mawa, m'chipinda chomwechino. Mfundo yoyamba idzakhala kusankha Mlembi wina. Yachiwiri idzakhala kalata ya a Kalipentala, imene Wapampando anati isatsegulidwe kaye, ngakhale onse akudziwa zimene zili m'katimo.

11. Kutseka msonkhano

Wapampando anatseka msonkhano nthawi ya 11:35 m'mawa, popanda mawu othokoza mamembala monga amachitira masiku onse. Mamembala anatulukira khomo la kukhitchini, mmodzimmodzi, ngakhale pakhonde panalibenso munthu.

Wasaina: ______________________
Wapampando

Wasaina: ______________________
Mlembi (wotula udindo)